Koko wa pa lowe: kalimidwe, kaphikidwe ndi zoona zake pa nkhani ya mankhwala

Madimba ambiri a m'mbali mwa Likangala, Domasi ndi timitsinje totsika m'phiri la Zomba ali ndi kachigawo kamene mwini wake anakataya kalekale. Ndi paja pa lowe, pamene phazi limatitimira ngakhale mu Okutobala, pamene chimanga chimangochita chikasu n'kupinimbira, mbatata n'kuwolera pansi isanakhwime. Malo oterewa ndi a koko. Zimandipweteka kuwaona atangomera udzu, chonsecho tinaona ndi maso athu mmene namondwe Freddy anamizira minda mu Marichi 2023, kenaka chaka chotsatira, 2024, ng'amba n'kupsereza chimanga chisanamasule. Koko amapirira madzi ochuluka, ndipo pa dambo losunga chinyontho amapitiriza kukula mvula itadula. Sangalowe m'malo mwa nsima, koma banja lokhala ndi mizere ingapo ya koko siligona ndi njala mophweka mu Januwale ndi Febuluwale.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi kamalo konyowa, khasu ndi manja ake. Sipafunika pampu kapena thumba la feteleza.

Dziwani kaye koko amene muli naye

Kuno timalima mitundu iwiri imene anthu amangoitchula dzina limodzi, koma khalidwe lake ndi losiyana, ndipo mukaisokoneza mutaya chaka. Yang'anani tsamba. Ngati phesi lalowa m'kati mwa tsamba, osati m'mphepete, ndipo tsambalo lazyolika kuloza pansi, ameneyo ndi Colocasia esculenta, wochokera ku Asia, mmodzi mwa mbewu zakale kwambiri zimene munthu anayamba kulima. Uyu ndiye wa m'madzi. Ngati tsamba lang'ambika mpaka pamene phesi lagwira, n'kukhala ndi makutu awiri osongoka, ameneyo ndi Xanthosoma, wochokera ku America. Amakonda chinyontho ndi kamthunzi, monga pansi pa nthochi, koma mukamuika m'madzi oima amawola. Wa m'madzi pa lowe, winayu pamtunda pang'ono.

Alipo wachitatu amene mungamve akutchulidwa, Cyrtosperma merkusii, chimphona cha m'zithaphwi za pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. Ku Kiribati amamutcha babai, ku Tuvalu pulaka. Zilumba zimenezo n'zamiyala ndi mchenga, choncho anthu amakumba maenje aakulu mpaka atapeza madzi opanda mchere, n'kumabzala m'menemo, akumathira masamba owolerana pa tsinde lililonse. Amakula kupitirira msinkhu wa munthu, amatenga zaka zingapo kuti akhwime, ndipo mutu umodzi umatha kulemera makilogalamu makumi angapo. Amamusiya m'nthaka kudikira chaka choipa kapena mwambo waukulu. Masiku ano madzi a m'nyanja akulowa m'maenjemo n'kumawononga mbewuyo. Si ameneyu tikulima kuno, koma nzeru ya anthu a kumeneko ndi yoti titengereko: nthaka yonyowa imasunga chakudya bwino kuposa thumba.

Chenjerani ndi maluwa a pakhomo. M'mabwalo a nyumba zakale za m'tauni ya Zomba muli zomera za banja lomweli, za masamba aakulu, zina za mawanga ofiira ndi oyera, zina zotulutsa duwa loyera. Zimenezo si ndiwo. Mbewu yanu ichokere kwa munthu amene mwamuona akudya koko wakeyo.

Malo ndi madzi

Pano ndi pamene ntchito yonse yagona. Koko amakonda madzi, koma madzi oyenda. Madzi oima amatentha masana, mpweya umatha m'nthaka, mizu imafewa, mutu n'kuyamba kuwola kuchokera pansi. Mukazula chomera chotere mumamva fungo lisanafike n'kumphuno komwe. Ndiye musanabzale, imani pa malopo m'mawa, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akufuna kupita. Kumbani kangalande kolowetsa kumtunda ndi kena kotulutsira kumunsi, kuya kwake kungofika theka la mkono. Madzi aziyenda pang'onopang'ono, osathamanga mpaka kukokolola dothi. Pisani dzanja masana: akakhala ozizirira, zili bwino, akakhala ofunda ndiponso obiriwira, tsegulani ngalande.

Dothi labwino ndi lakuda, la m'dambo, losunga madzi. Makande amatheka bola muthiremo manyowa ambiri kuti asaume n'kung'ambika. Mchenga wokhawokha ayi.

Inu a kumunsi, cha ku Jali, Kachulu ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, pali china choti muyang'ane. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi dothi la malo ena ozungulira zili ndi kamchere. Pamene nthaka ikauma imayera pamwamba, koko sachita bwino; masamba amapsa m'mbali. Sankhani pamene pakudutsa madzi a mtsinje kapena a kasupe. M'mbali mwa ngalande za minda ya mpunga ndi pabwino, mutagwirizana ndi anzanu kuti simukutseka njira ya madzi. Kumbukiraninso kuti nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, ndiye musadalire madzi a m'mphepete mwenimweni.

Musalime pa gombe penipeni pa mtsinje. Siyani bango, nsenjere ndi mitengo zigwire dothi, munda uyambire chapatali. Madzi osefukira amphamvu amazula koko ngati mmene amazulira china chilichonse. Ndipo inu a m'tauni, musabzale m'ngalande yolandira madzi a ku zimbudzi, a ku garaja kapena a kudzala. Koko amanenepa kwambiri pamalo otero, koma zimene wayamwa zimathera m'mbale ya ana anu.

Chinanso, dzitetezeni. Dera la Chilwa limadziwika ndi likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu munthu akaima m'madzi mmene muli nkhono. Valani jombo. Ana asamasewere m'ngalande. Mukaona magazi m'mkodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Madzi oyenda amachepetsanso udzudzu.

Mbewu

Koko sabzalidwa ndi njere. Pali njira zitatu, ndipo yoposa zonse ndi ya nsonga. Mukakumba koko wokhwima, dulani kumutu kwake kachidutswa kochindikala masentimita awiri, kali ndi mapesi ake. Mapesiwo adulidwe kuti atsale masentimita 20 mpaka 30, masamba onse achoke. Mutu wotsalawo mukadya, nsongayo ndiye mbewu. Imamera msanga ndipo imabereka mutu waukulu. Njira yachiwiri ndi ana omera m'mbali mwa tsinde, amene mumawapatula ndi mpeni n'kuwadula chimodzimodzi. Yachitatu ndi timitu ting'onoting'ono tomwe tayamba kale kutulutsa maso. Timachedwerako, koma timathandiza mbewu ikachepa.

Yang'anani podulapo. Pakhale poyera kapena pofiirira pang'ono mofanana ponseponse. Mukaona mizere yakuda, pofewa kapena ponunkha, tayani kutali ndi munda. Mbewu yabwinoyo muiimike pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, ena amapakapo phulusa. Isapitirire sabata isanalowe m'nthaka.

Ngati mungathe, pemphani mbewu kwa anthu awiri kapena atatu osiyana, wina wa mapesi obiriwira, wina wa mapesi ofiirira. Chifukwa chake ndichifotokoza pa nkhani ya matenda.

Kubzala

Pa dambo losauma mutha kubzala mwezi uliwonse, koma nthawi yabwino ndi pamene kwayamba kufunda, kuyambira Sepitembala, popeza koko amakula mozengereza m'nyengo ya chisanu. Pamalo odalira mvula dikirani mvula yeniyeni ya Novembala kapena Disembala. Kumbukirani kuti mbewuyi imafuna chinyontho kwa miyezi yosachepera isanu ndi iwiri, pamene mvula yathu imatha mu Epulo. Pamtunda wouma popanda madzi othirira mudzangokolola masamba.

Galauzani dothi mozama, muchotse mizu ya udzu. Kumbani mapando otalikirana masentimita 60 mpaka 75 mbali zonse, akuya masentimita 20. M'phando lililonse thirani manyowa owolerana bwino odzaza manja awiri ndi kaphulusa pang'ono, musakanize ndi dothi. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbewu. Imikani nsonga pakati, mukwirire gawo la pansi lokha, mutsendere ndi dzanja, mapesi atulukire kunja.

Phandolo musalidzaze. Ambiri amalakwitsa pomwepa chifukwa anazolowera mbatata ndi chinangwa. Mutu wa koko sukulira pansi, umakulira m'mwamba kuchokera pa mbewu munaika ija. Mukabzala pamwamba, mutu umatulukira kunja, dzuwa limaumenya n'kuuma. Phando losadzaza limasunga madzi masabata oyambirira, ndipo mumalidzaza pang'onopang'ono chomera chikamakula.

Pamene madzi amaima mpaka m'maondo nthawi ya dzinja, ungani mitumbira yotakata n'kubzala pamwamba pake, madzi aziyenda m'mikwasa. Tsamba la koko likamizidwa lonse kwa masiku ambiri, chomera chimafa.

Miyezi ya pakati

Miyezi itatu yoyamba ndi ya khasu. Udzu wa m'dambo umakula msanga kuposa koko wamng'ono, ndiye palirani kawiri kapena katatu, mosamala chifukwa mizu yake ili pamwamba. Nthawi iliyonse mukapalira, kokerani dothi ku tsinde. Pa mwezi wachitatu bandirani ndithu. Phimbirani ndi mapesi a mpunga, masamba a nthochi kapena udzu wouma. Masamba akakumana n'kutseka nthaka, udzu umagonja wokha.

Phulusa la pa mafuwa musalitaye. Koko amafuna kwambiri mchere wa potaziyamu kuti mutu unenepe, ndipo phulusa la nkhuni lili nawo. Wazani dzanja limodzi mozungulira tsinde pobandira. Mukachulutsa feteleza wa Urea mupeza masamba okongola, pansi palibe kanthu.

Ana akachuluka pa tsinde limodzi amalanda chakudya cha mayi. Siyani awiri, ena muzule mukabzale kwina kapena mugawire anansi. Ndiwo muzithyola mwaulemu, tsamba limodzi lanthete pa chomera, osati sabata iliyonse, chifukwa masambawo ndiwo amadyetsa mutu. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kupatula mzere umodzi wa ndiwo zokhazokha, ina yonse osaikhudza.

Nkhumba zimafukula koko usiku umodzi munda wonse, choncho tchingani. Mbozi zikuluzikulu zodya masamba ingotolani ndi manja m'mawa.

Matenda oopsa kwambiri a mbewuyi ndi chiwawu cha masamba, choyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora colocasiae. Chimayamba ngati kadontho kabulauni konyowa, kamakula mozungulira, m'mawa pamaoneka timadzi tachikasu ndi ufa woyera m'mphepete mwake, ndipo tsamba limatha m'masiku ochepa. Chimakonda usiku wozizirira wa mame ndi mvula yowaza. Mu 1993 chinafika ku Samoa, pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, kumene pafupifupi aliyense ankalima mtundu umodzi, ndipo mbewu imene inali chakudya chawo chachikulu komanso malonda otumiza kunja inangotsala pang'ono kutheratu. Cha m'ma 2009 ndi 2010 chinasakaza minda ku Nigeria, Cameroon ndi Ghana. N'chifukwa chake ndikulimbikira zosakaniza mitundu. Mukaona zizindikiro zotere, dulani masamba odwalawo, muwakwirire kutali, musatenge mbewu pamenepo, ndipo muuzeni mlangizi wa zaulimi wa dera lanu tsiku lomwelo.

Kukumba ndi kusunga

Koko amakhwima pakati pa miyezi 8 ndi 12. Kumtunda kozizira, m'mphepete mwa phiri, amachedwa kuposa ku Chingale kapena kuchigwa cha Chilwa. Chomera chimanena chokha: masamba atsopano amatuluka aang'ono, akale amachita chikasu, msinkhu umabwerera pansi. Ngati n'kotheka tsekani madzi masabata awiri musanakumbe. Lowetsani khasu chapatali, mutukule, mugwire mapesi n'kuzula. Mutu wotemedwa ndi khasu udyedwe tsiku lomwelo.

Akatuluka m'nthaka sakhalitsa. Sabata imodzi kapena ziwiri, wayamba kuwola. Choncho kumbani wa mphika wa lero ndi mawa basi, wotsalayo akhale m'munda, bola asapitirire miyezi iwiri kapena itatu atakhwima pa malo onyowa. Wopita naye ku msika wa Zomba, Songani kapena Thondwe musamutsuke, dothi limamuteteza. Ndipo tsiku lililonse lokumba ndi tsiku lobzala: nsonga mwadulayo ibwerere m'munda.

Mukachulukidwa, sendani, dulani tizidutswa topyapyala, muviike m'madzi owira kwa mphindi zisanu, muyanike pa thandala mpaka tizithyoka. Sinjani, sefani, musunge ufawo m'chigubu chotseka.

Kukhitchini

Koko wamuwisi sadyedwa, kaya mutu, kaya tsamba, kaya phesi. M'kati mwake muli timinga tosaoneka ndi maso, ta mchere wotchedwa calcium oxalate, tosongoka ngati singano. Ndi timeneti timayabwa m'manja n'kubaya kukhosi. Moto wokwanira ndiwo umathetsa ukali wake, palibe chidule.

Njira yosavuta ndi kumuphika ndi makoko ake. Tsukani dothi, ikani mumphika, madzi amize, mubwatitse kwa mphindi 40 kapena kuposerapo malinga ndi kukula kwake. Mpeni ukalowa mpaka pakati osalimba, wapsa. Khuthulani madziwo, khungu limasupuka ndi zala zokha, m'kati muli moyera motuwira, mwina mwa timadontho tofiirira, mukutuluka nthunzi ya fungo la mtedza. Kamchere pang'ono ndi tiyi, ana apita kusukulu atakhuta. Ngati mukufuna kusenda wamuwisi, dzolani mafuta ophikira m'manja kapena valani jumbo, ndipo manja akhale ouma, chifukwa madzi amawonjezera kuyabwa. Akayabwabe, musakande, pakani madzi a ndimu kapena wothani moto pang'ono.

Futali wa koko ndi wokoma kuposa mmene ambiri amaganizira. Wiritsani zidutswa kwa mphindi khumi, tayani madzi oyambawo, thirani ena otentha ndi mchere. Zikafewa thirani nsinjiro, muvundikire, moto ukhale wochepa kwa mphindi zina khumi ndi zisanu kuti nsinjiro zipse. Takasani ndi mthiko mosaphwanya kwambiri. Mukafuna wokazinga, yambani mwamuwiritsa ndithu.

Masamba amafuna kuleza mtima kuposa nkhwani. Tengani anthete, chotsani phesi ndi mitsempha ikuluikulu ya kumsana, tsukani, duladulani. Ponyani m'madzi owira kale, zibwate mphindi khumi, tayani madziwo. Thirani ena, muphike kwa mphindi zosachepera 30 mpaka masamba atafeweratu n'kusanduka obiriwira modera. Apo ndi pamene mumathira tomato, anyezi ndi nsinjiro, kapena matemba. Kamadzi ka ndimu kapena bwemba kumapeto kamathandiza kuziziritsa kuyabwa kotsala. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga, koma zimawononga ena mwa mavitamini, ndiye ngati nkhuni zilipo, lolani nthawi igwire ntchito. Musanapakule, lawani kachidutswa, mudikire mphindi imodzi. Kukhosi kukangoti tsinetsine, bwezerani pamoto. Mwana asakhale woyamba kulawa.

Za mankhwala

Apa ndikufuna tilankhulane moona, chifukwa pa WhatsApp pamayenda mauthenga onena kuti chomera chakuti chimachiza nthenda iliyonse, ndipo anthu amasiya mankhwala a kuchipatala n'kutaya moyo.

Ubwino weniweni wa koko pa thanzi ulipo. Ufa wa m'mutu mwake ndi wosalala kwambiri ndipo umagayika mosavuta m'mimba. Ku Hawaii amaupondaponda kukhala chakudya chotchedwa poi, chimene amadyetsa ngakhale makanda ndi okalamba. Kuno kwathu, phala la koko wophika bwino, wopotedwa, ndi labwino kwa agogo opanda mano, kwa wodwala amene akuchira, ndi kwa mwana wopitirira miyezi isanu ndi umodzi amene akuyamwabe. Koma payekha ali m'gulu la zokhutitsa. Zomanga thupi ndi zochepa. Thiranimo nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena usipa wosinja. Masamba ophika ali ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, komanso ayironi ndi zomanga thupi zochulukirapo kuposa mutu. Kwa mayi woyembekezera ndi ndiwo zabwino, pamodzi ndi mapiritsi a magazi amene amalandira kusikelo, osati m'malo mwake.

Ku India ndi pa zilumba za Pacific anthu akhala akugwiritsa ntchito madzi a m'phesi la koko pa bala laling'ono kapena polumidwa ndi tizilombo. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Madziwo ali ndi timinga tija, ndipo phesi lochokera m'matope lingalowetse tizilombo m'bala. Mwadzitema ndi khasu m'dimba, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mangani ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala akaone ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata. Kulumidwa ndi njoka, zomwe zimachitika m'madambo, n'kothamangira kuchipatala basi.

A matenda a shuga, koko ndi chakudya chokhutitsa ngati mbatata ndi nsima. Mutha kudya pang'ono m'malo mwa nsima, osati kuwonjezera pa nsima, ndipo sachiza shuga. A kuthamanga kwa magazi, potaziyamu wa mu koko ndi wabwino ku thupi mukachepetsa mchere wa m'mbale, koma mapiritsi anu pitirizani kumwa. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi odwala impso. Amene anapezekapo ndi timiyala mu impso achepetse koko, makamaka masamba, chifukwa cha oxalate uja, ndipo azimwa madzi ambiri. Amene impso zawo zafooka, thupi lawo limalephera kutaya potaziyamu, choncho afunse dokotala asanadye.

Mwana akatafuna koko wamuwisi kapena tsamba la maluwa ofanana naye aja, amalira nthawi yomweyo, malovu ali chuchuchu. Chotsani zotsala m'kamwa, mutsuke m'kamwamo ndi madzi, mum'patse madzi ozizira kapena mkaka amwe pang'onopang'ono. Musamusanzitse. Nthawi zambiri ululu umatsika pakapita maola ochepa. Koma mukaona milomo kapena lilime likutupa, mawu asintha, akulephera kumeza kapena kupuma, m'berekeni pomwepo kupita kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central, mutanyamula chidutswa cha chomeracho kuti achipatala achione.